Mthunzi Wokumba ndi Khasu

Panali munthu wina wophwanya miyala pa phiri lina lakuda bii. Akuluakulu amati kalekale phirilo linkalavula moto, ndipo motowo utazizira unasanduka miyala yoima chilili, yothithikana ngati mitolo ya nsungwi. Pansi pa miyalayo panatsala phulusa lofewa, loti ndi khasu lomwe munthu amakumba.

Oyamba kuliswa phirilo anali omanga njanji. Atachoka, kunabwera omanga msewu ndi mabomba awo, n'kudya mbali yonse ya kum'mawa. Nawonso atakhuta anapita, kusiyira eni mudzi dzenje, fumbi ndi chifuwa. Otsalawo ankakwera pamwamba ndi nyundo ndi mgwala, chitsulo chotembenuzira miyala, kumagwetsa mwala umodziumodzi. Inali ntchito yowawa ndiponso yochedwa.

Munthu uja kukwera kunamutopetsa. Anaona kuti akakumba phulusa la pansi lija, miyala imagwa yokha. Pa tsiku limodzi ankaunjika mulu umene anzake ankautha sabata yathunthu. Mlamu wake anamuuza kangapo kuti phulusalo ndilo lasenza phiri, koma iye ankangoseka, n'kumati anthu a pano nsanje idzawapha. Anakumbabe mpaka panapangika phanga, miyala ili lendelende pamwamba.

Mkazi wake, Nangondo, ankakhala pamtetete n'kumaswa miyala yogwayo kuti ikhale ing'onoing'ono, ya konkire. Tsiku lina mu Novembala, mvula yoyamba itagwa dzulo lake, dzuwa linatuluka laukali. Mwamunayo anaona mkazi wake thukuta lili kamukamu, ndipo anamumvera chisoni. Sindikunamizani, ankamukonda.

"Amake Tiyese, mukupseranji pamenepo? Lowani pamthunzipa."

"Koma achimwene anati tisamakhale m'menemo."

"Achimwene anuwo ndi amantha. Ine ndimaswera momwemo tsiku lililonse."

Nangondo anatola nyundo yake ndi thumba lokhalira, n'kulowa. Mwamunayo anatsikira kumsewu kukaimitsa lole. Phulusa lonyowa lija silinachedwe kugonja. Iye anamva kugunda ali kumsewu, ndipo sanakandike ngakhale chala.

Anthu anafukula masiku awiri. Miyala imene anaichotsa pamwamba pa Nangondo, lole inabwera n'kuinyamula, poti inali miyala yabwino.

Tsono inu okonda zachidule, musamatinamize kuti mukuika pachiswe moyo wanu wokha. Mawu amenewo amandipsetsa mtima. Wokumba amakhala ndi zochita zambiri, amalowa n'kutuluka, ndipo tsoka limagwa iye ali kwina. Wotsala pansi ndi uja sanalimbikire kufunsa chifukwa anakukhulupirirani. Mukafika kwanu lero, mumuyang'ane bwino munthu amene amalowa paliponse mukangoti lowa. Ameneyo ndiye adzafukulidwe.