Galimoto Yokwera Phiri Chafutambuyo

Kalekale, koma osati kale la makolo ayi, kale la dzanadzanali msewu wa kumapiri a Ntcheu usanaone phula, kunali ana atatu a bambo mmodzi: Dziwapo woyamba, Zelina wachiwiri, ndi Lamitoni mzime. Bambo awo pomwalira anawasiyira galimoto yakale yonyamula kachewere, ija yokoka ndi matayala onse anayi. Lamitoni ndiye ankayendetsa. Zelina ndiye anatengera dzanja la bambo ake pa sipanala, ngakhale alongo akewo sankafuna kuvomereza.

Chilimwe china kunabwera munthu wofuna kugula shafuti yakutsogolo, chitsulo chopereka mphamvu ku matayala akutsogolo. Lamitoni anakondwa.

"Achimwene, chitsulochi chimangomwetsa dizilo. Matayala akumbuyo akukwana."

"Bambo anaisiya ndi miyendo inayi," anatero Dziwapo. "Ine ndiye ndiidule iwiri? Wogulayo abwerere njira yomwe wadzera."

Kuyambira pamenepo Dziwapo ankapaka girisi shafutiyo mwezi ndi mwezi, anthu akumuseka kuti akudyetsa ng'ombe yosalima.

Dzinja litafika, galimoto inkawoloka mtsinje tsiku ndi tsiku. Zelina anamva kakulira kachilendo kumbuyo. Anamasula bawuti ya difu, mbiya yachitsulo ija ya pakati pa matayala akumbuyo, naviikamo chala. Oyilo anatuluka wotuwa ngati tiyi wamkaka.

"Iwe Lamitoni, mu difu mwalowa madzi. Tikhetse oyiloyu lero, tithire wina."

"Achemwali, galimoto si ndiwo zoti muzilawa ndi chala. Ikulira? Ndiyo nyimbo yake imeneyo."

Amuna onse onyamula matumba anafa nacho chiseko. Zelina anapukutira chala pachitenje.

"Chabwino, iziimba. Ine Zelina ndikadzagwiranso bawuti ya galimoto imeneyi, mudzandimete mpala pakati pa msika."

Ndipo anasunga mawu ake. Masabata anayi anamvetsera kulirako kukukula, kuchoka pa likhweru kufika pa kubuula. Ankadziwa bwino chimene chikubwera, koma kukamwa anatseka.

M'mawa wina mvula ikukhuthuka, a Kabango oyandikana nawo nyumba anafika wefuwefu. Mkazi wawo Nangozo, yemwe anali woyembekezera, anali pa matenda aakulu kuyambira dzulo lake, ndipo mzamba anali atanena kuti mwana wakhala mopingasa. Chipatala chinali kuseri kwa phiri. Dziwapo anali kumaliro kutali. Lamitoni analiza galimoto, Zelina nakwera kumbuyo kuti azigwirizira wodwalayo.

Atangofika m'tsinde mwa phiri, kunamveka khoo! Matayala akumbuyo anauma gwa. Mano a mu difu anali atasweka n'kutsekereza zonse mkati. Lamitoni anatsika, manja ali kunkhongo.

"Achemwali..."

"Ndiyo nyimbo yake imeneyo. Vina tsono."

Nangozo anabuula, zala zake zikulowa m'mkono mwa Zelina. Zelina anamuyang'ana kamodzi kokha.

"Bweretsa masipanala, chitsiru iwe. Za mpala tikakambirana kumudzi."

Anagona chagada m'matope, madzi akuyenderera pamsana pake. Anamasula shafuti yakumbuyo naiponya pambali. Kenaka anasolola zitsulo ziwiri zolumikiza difu ndi matayala, kuti matayalawo azingogudubuzika okha ngati a ngolo. Sipanala inaterereka n'kumusenda khungu la chala, iye osaima. Anang'amba chitenje chake natsekera mabowo aja kuti matope asalowe.

"Ika giya yokoka onse. Lero iyendera miyendo yakutsogolo yokha."

Shafuti ya Dziwapo inavomera. Galimoto inasuntha.

Koma phiri linakana. Pachikweza kulemera konse kunkathawira kumbuyo, matayala akutsogolo n'kumangopalasa matope. Katatu konse anayesa, katatu konse anabwerera. A Kabango anayamba kulira ngati maliro agwa kale.

"Pukutani misozi, bambo," anatero Lamitoni. "Phiri ili silinandigonjetsepo, ndipo siliyamba lero."

Anaitembenuza galimoto pakamsewu kopapatizako, mbuyo kuloza kumwamba, kuti kulemera kwa injini kukanikize matayala okokawo. Ndiye anakwera chafutambuyo, mutu uli kunja kwa zenera, mvula ikumumenya m'maso, phompho lili pambali pomwepo. Anakhota makona asanu ndi awiri osaima. Kuchipatala anamwino anati akanachedwa pang'ono pokha, akananyamula mitembo iwiri. Kunabadwa mwana wamkazi, ndipo mayi ake anachira.

Mchombo utagwa, tsiku lotuluka m'chikuta, a Kabango anaitana atatu aja.

"Ine chuma ndilibe. Chomwe ndili nacho ndi mwanayu. Amene anamupulumutsa ndiye amutche dzina. Koma akhale mmodzi, poti mwana satchedwa ndi pakamwa patatu."

Zelina anasendera pafupi. Alongo ake anali atatchapo ana angapo m'mudzimo, koma iye panalibe anamupemphapo chibadwire.

Dziwapo ndiye anayamba. "Ndikanalola kuti shafuti ija igulitsidwe, mukanakoka ndi chiyani? Mano?"

"Inu achimwene munali kumaliro mukudya nyemba," anatero Lamitoni. "Anakweza galimoto phiri chafutambuyo ndani?"

"Nanga anaswa difu ndani?" anafunsa Zelina.

"Ine ndinaswa mosadziwa. Inu munkadziwa, achemwali, ndipo munakhala duu masabata anayi."

Anthu onse anacheukira kwa Zelina, kuyembekezera kuti awerama. Iye anadzutsa mutu.

"Eya, ndinakhala duu, ndipo sindipepesa. Ndinanena poyera, munandiseka poyera. Mumafuna ndikugwadireni kuti mundilole kukonza galimoto ya bambo anga? Koma tsiku lija m'matope munagona ndani? Amene munaseka aja munali kuti?"

A Kabango anayang'ana uyu, anayang'ana uyo, nakanda kumutu. Nangozo anangomufungatira mwana wake, dzuwa n'kupendeka, khanda lilibe dzina.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, weruzani, poti mwana sangakule akungotchedwa uje. Amutche ndani: Dziwapo amene anasunga shafuti koma tsiku la mavuto kunalibe, Zelina amene anagona m'matope koma anasiya difu kuti ife chifukwa chosunga mawu, kapena Lamitoni amene anagonjetsa phiri ndi galimoto imene anaiwononga yekha?