Kapitawo Amene Sankatsika M'dzenje

Kalekale, mdzukulu wanga, phiri lidakali ndi mitengo, ine ndidakali ndi maso, kunali munthu dzina lake Yotamu Khoviwa. Ameneyo ndiye anandipha maso, chaka chimene tinaika a Namakhwa m'manda.

Tinali ocheka matabwa. Sowo yathu inali ya anthu awiri. Chipika tinkachigoneka pa mphanda, pamwamba pa dzenje. Wina pamwamba, wina m'dzenje. Wapamwamba amapitidwa mphepo. Wapansi amadya utuchi.

Kapitawo wathu anali a Namakhwa. Ha, munthu uja! M'mawa ankayamba ndi iwo kutsika. Amenya mphanda iyi ndi chidendene, amenya iyo, kumvetsera ngati chiswe chalowa. Kenako, "Kokani, anyamata!" Dzuwa likafika paliwombo, tinkasinthana. Ankatuluka ali mbuu ngati achokera kuchigayo. Ife kuseka, iwonso kuseka. Phiri lonse linkanunkhira mbawa.

A Namakhwa atamwalira, sowo inagwera Yotamu, mwana wa mlongo wawo. Anachokera kutauni, nsapato zili phuliphuli.

"Kapitawo satsika m'dzenje," anatero. "Iwe Fulaye, uli ndi mapewa. Tsika."

Ndinatsika. Dzuwa paliwombo ndinati, "Achimwene, tisinthane."

"Ukasinthane ndi agogo ako. Koka!"

Ndinakoka. Mvula inabwera, ndili pansi. Mvula inapita, ndili pansi. Maso anafiira. Misozi inkangotuluka yokha.

Tsiku lina ndinati, "Achimwene, mzere wa makala pachipikapa sindikuuonanso."

"Ndiye ukudyeranji ufa wanga? Nyamuka!"

Anzanga, Likaka ndi Mulipa, ananditsitsa phiri atandigwira dzanja ngati mwana. Ine, munthu wa mapewa!

Anandiuza kuti iwo atabwerera kuphiri, Yotamu anati, "Likaka, tsika."

"Maso anga ndikuwafunabe, bwana."

"Mulipa, tsika."

"Mkazi wanga ndikufuna ndizimuona, bwana."

Chipika chili pa mphanda, wofuna matabwa akudikira. Yotamu anavula malaya. "Nditsika ndekha, amantha inu, muone kuti palibe chovuta."

Likaka anati, "Yambani mwamenya mphandazo, bwana."

"Undiphunzitsa ntchito iwe? Kwera, ukoke!"

Mdzukulu wanga, ndamva kuti kuntchito kwako akupatsa ukapitawo. Ndigwire dzanja, ndidziwe kuti ukumva. Kumene ukutuma anzako, uziyamba ndiwe kutsikako. Udye utuchi umene akudyawo. Akakuuza za pansi, umve, chifukwa wapamwamba saona chiswe.

Chiswe chinali chitadya mphanda ija m'kati monse. Anangokoka pang'ono, chipika chinagwa. Mtembo wa Yotamu anautsitsa phiri pa thabwa. Sowo inachita dzimbiri pakhonde pa amake. Ine kumaliro sindinapite.

Nthano yanga ndi imeneyo, yathera pamenepa.