Khasu pa Maluwa a Nankhoma

Panali bambo wina, dzina lake Kadzuwa, wokonda mkazi wake kwambiri koma mbuli pa nkhani ya maluwa. Mkaziyo, Nankhoma, anali ndi phata la maluwa ofiirira pakhomo, aja okhala ndi kamutu kotukuka pakati. Anachita kumusiyira ndi malemu mayi ake, ndipo ankawasamala ngati khanda.

Mvula itatha, Nankhoma anapita kutali kukadikirira mwana wawo Tadala, amene anali woyembekezera. Potsanzika anati, "Bambo a Tadala, maluwa angawa ndidzawapeze amoyo."

"Pitani bwino, mayi," anayankha Kadzuwa. "Timaluwa tokhati tingandikanike ine?"

Kuthirira ankathirira ndithu. Koma dzuwa litakula, masamba anafota, mapesi n'kuuma gwa. Kadzuwa anagwira m'mutu. "Mayo ine, ndapha maluwa a apongozi!" Mantha anamugwira, chakudya osalowa.

Ndiye anaganiza zochenjera. Amuna inu, timakudziwani! Anati azule phata louma lija, akagule ena ofanana nawo, mkazi wake asadziwe. Anakweza khasu, khapu! Phata linang'ambika pakati. Kuti ayang'ane, mizu yoyera, yonyowa, tinsonga tatsopano tili mbuu pansi pa dothi. Maluwa sanafe ayi, ankangopuma.

Anakumba maenje awiri, nabzala zidutswa zonse ziwiri. Anaphimbira ndi udzu, nathirira, uku akupepesa apongozi chamumtima.

Mvula yoyamba itagwa, Nankhoma anabwerera. Asanatule n'komwe katundu, anaona mapata awiri akuphuka mwamphamvu.

"Ha! Bambo a Tadala, anakuphunzitsani ndani kugawa phata? Ine zaka zonsezi ndimaopa kulikhudza."

Kadzuwa anatsokomola, nakanda m'mutu, kenaka anaulula zonse. Nankhoma anaseka mpaka misozi, n'kukhala pansi. "Bambo inu! Amenewa amauma chaka chilichonse, n'kudzukanso okha. Mukanangofunsa."

Tsono inu mukundimvanu, chilipo chimene mwachiwerengera kale kuti chinafa: ubale ndi mchimwene wanu uja simuyankhulana, kapena mwana amene mwamutaya mtima. Mwaona kuuma kwa pamwamba, khasu mwanyamula kale. Kadzuwa anachita mwayi, khasu lake linagwera pabwino. Lanu mwina silidzatero. Musanazule, fukulani pang'ono ndi chala, muone ngati muzu udakali wonyowa.