Mzere Umodzi wa Nguluwe

Kalekale, ana inu ndi akuluakulu amene mwakhala kumbuyoko, nyama za m'chigwa china zinali ndi minda yawoyawo. Sunthirani kuno, utsi ukupita uko.

M'chigwamo munali mwambo. Mitengo ya m'thengo ikayamba kuphukira timasamba tofiira psuu, nyenje zikulira, mvula yobzalira isanagwe, nyama zinkayenderana m'minda. Zinkaona madimba a anzawo, zinkaona mitengo yobzala, zinkapemphana mbewu. Mwambowo unkayenda ndi miyendo iwiri. Mwendo woyamba unali uwu: mlendo akapeza mwini munda ali ndi khasu m'manja, alandire khasulo, aunde mzere umodzi mpaka pamene wathera. Mwendo wachiwiri unali uwu: akatero, mwini munda amulawitse za m'dimba.

Nguluwe ankadziwa mwendo wachiwiri wokha. Chaka ndi chaka iye ankafika dzuwa lili paliwombo, makasu onse atatsamira kumitengo, eni ake akupuma pamthunzi. Ankapereka moni wautali, kuyamikira dimba, kenako n'kunena kuti, “Ndingolawako pang'ono.” Fuku fuku fuku. Akadzutsa mutu, dimba lonse lili mbee.

Kumunsi kwa chigwacho kunkakhala Sakhwi, kanyama konga mbewa, ka mphuno yaitali ndi miyendo yowonda. Sakhwi anali mayi wamasiye, ndipo anali wotopa. M'dimba mwake ankasungamo kholowa wa mbewu, woti mvula ikagwa iye ndi anzake adule ndi kubzala, adzadye mbatata. Miyezi isanu yachilimwe iye ankatunga madzi ndi chigoba cha nkhono. Kuchitsime, kudimba. Kuchitsime, kudimba. Msana unali kuwawa, maondo anali kulira.

Zaka zitatu zotsatana Nguluwe analawa kholowa ameneyo ndi mizu yomwe. Zaka zitatu zotsatana Sakhwi anakwera phiri kukapempha mbewu kwa achibale a malemu mwamuna wake. Chaka chachitatu iwo anamuuza kuti, “Mlamu, ulendo uno ndi wotsiriza.”

Tsiku lina m'mawa, mvula ya chizimalupsa itangonyowetsa fumbi, Sakhwi anapita kwa mnansi wake Fulu. Fulu anali ndi munda wa mitengo. Anabzalamo mbawa umodzi, mlombwa umodzi, msuku, mpoza ndi katope, ndipo uliwonse ankaudziwa ngati mwana. Sakhwi anamupeza akumanga nsanza pa kamtengo kamene Nguluwe anakakanda ndi msana chaka chatha.

“Mwadzuka bwanji, achimwene?”

“Ndadzuka, achemwali, poti kudzuka sikufunsa. Mwamva? Mlendo wathu uja wayamba kale kumtunda. Dimba la a Nungu latha dzana.”

“Ndamva,” anatero Sakhwi, nakhala pansi. “Ine phiri lija sindikweranso. Ngakhale nditafuna, maondo akana.”

“Nanga titani? Mlendo sabwezedwa. Akuluakulu anati mlendo ndi mame.”

“Mame amenewa amamwa ndi chitsime chomwe.”

Sakhwi anayang'ana munda wake wakumtunda, wouma gwaa, wopanda mzere ndi umodzi womwe, chifukwa mphamvu zonse zinathera kuthirira. Anayang'ana munda wa Fulu. Anayang'ana wa Nungu. Kenako anayang'ana tinjira take timene ankasesa tsiku ndi tsiku, tokhotakhota m'udzu, topanda poyambira ndi pothera. Mphuno yake inagwedezeka.

“Achimwene, kodi mwambo unanena kutalika kwa mzere?”

Fulu anaganiza nthawi yaitali, monga mwa chikhalidwe chake. “Sunanene. Unangoti mzere umodzi, mpaka pamene wathera.”

“Ndibwerekeni nthambi zouma za mitengo yanuyi. Ndikufuna zikhomo zambiri.”

Masiku anayi Sakhwi anali kukhoma zikhomo. Kho, kho, kho. Anayambira pakhomo pa dimba, nakwera m'munda mwake, nakhota, nabwerera, nakhotanso, osadula paliponse. Atatha munda wake analowa mwa Fulu, nazungulira mtengo uliwonse. Atatha mwa Fulu analowa mwa Nungu. Manja anatupa, koma sanasiye.

Tsiku lachisanu anatenga tomato atatu, napita kwa apongozi a Nguluwe, mayi a mkazi wake. Iwo anali nkhalamba yonenepa, ya mano achikasu, imene inkakonda kutamanda banja lake pagulu.

“Odi, amayi. Ndabwera kudzakuitanani. Mkamwini wanu amatiyendera chaka chilichonse, koma inu simunaonepo ulemu umene timamuchitira. Mawa mubwere naye.”

“Kodi n'zoona kuti amalemekezedwa? Kunyumba kuno timangomuona atagona.”

“Mukaona nokha, amayi.”

M'mawa mwake dzuwa linakwera, nyenje zinalira, nyama zonse zinatsamiritsa makasu. Sakhwi yekha anakhalabe padzuwa, khasu lili m'manja, thukuta lili chuchuchu. Posachedwa anamva mapazi, di, di, di. Anali Nguluwe, mimba ili patsogolo, apongozi akutsatira patali monga mwa ulemu. Kumbuyo kwawo kunali Nkhanga zisanu, zimene sizisowa pamene pali choti zikanene.

“Zikomo kumundako, Mayi Sakhwi! Koma dimba chaka chino! Kholowa ali biriwiri ngati wapakidwa mafuta. Manja anu ndi odala. Ndingolawako pang'ono.”

“Fikani, Bambo Nguluwe, fikani. Mwandipeza ndili pantchito.” Sakhwi anagwada, nakweza khasu ndi manja awiri.

Nguluwe analiyang'ana khasulo. Linali laling'ono ngati chipande cha mwana wosewera masanje. Anayang'ana kumwamba, naona kuti dzuwa lili pamalo pake penipeni. Sanamvetse kuti zalakwika pati.

“Mayi, masana ano? Mudzafa ndi dzuwa. Kapumeni.”

“Ndipuma mukandilandira. Ndi mzere umodzi basi.”

Apongozi anali atakhala pansi pa mbawa wa Fulu, atapenya kumbali, pakuti mayi salankhula ndi mkamwini maso ndi maso. Anayankhula ndi Fulu, koma mawu awo anamveka mpaka kuchitsime.

“Bambo Fulu, mwana wanga sanakwatiwe ndi mlesi. Mzere umodzi kwa iye ndi chiyani?”

Nguluwe anaseka mokweza. “Sungani kakhasu kanuko, Mayi Sakhwi, kangandilowe m'mano. Ine khasu langa ndi mphunoyi. Mzerewo wathera pati?”

“Tsatani zikhomo. Pamene zathera mupeza lichero la zolawa likudikira.”

Nguluwe anazika mphuno pansi. Fuku fuku fuku, dothi uku, dothi uko, mzere ukukwera bwino. Nkhanga zinaombera m'manja. Atafika kumapeto a munda anadzutsa mutu kuti aone lichero, koma anangoona chikhomo chitakhotera kumanzere.

“Mayi Sakhwi, munda watha.”

“Munda watha, bambo, koma mzere sunathe. Onani, wangokhota.”

“Mzere umakhota?”

“Wanga umakhota. Ndine wamasiye, ndinalibe wondigwirira chingwe.”

Fuku fuku fuku. Anabwerera. Anakhota. Anabwereranso. Dzuwa linapendeka, ndipo Nguluwe anali wefuwefu, thovu lili kukamwa. Anaima, nati, “Ndimwe madzi, ndilaweko tsamba limodzi, mawa ndidzamaliza.”

“Madzi imwani,” anatero Sakhwi, namupatsa chigoba cha nkhono. Madziwo sananyowetse ngakhale lilime. “Koma tsambalo likudikira mzere.”

“Bambo Fulu,” anatero apongozi pansi pa mbawa, “kwathu mwamuna wosiya mzere pakati timamubwezera kwawo ndi mphasa yake.”

Nkhanga zinayang'anana. Nguluwe anaziona zikuyang'anana. Anazikanso mphuno pansi.

Tsiku limenelo anagona mumzere momwemo. M'mawa mwake zikhomo zinamulowetsa m'munda wa mitengo. Fulu ankayenda pambali pake pang'onopang'ono, namufotokozera mtengo uliwonse, popeza mlendo ayenera kuonetsedwa munda.

“Uwu ndi mlombwa. Ndinaubzala chaka cha dzombe. Zungulirani bwino, musakhudze mizu. Uwu ndi katope, umakonda madzi, choncho mzere uzame pang'ono. Uwu ndi msuku uja munaukanda chaka chatha. Ukupereka moni.”

“Achimwene Fulu,” ananong'ona Nguluwe, “tandiuzani mwachinsinsi. Mzerewu wathera pati?”

“Ine ndi miyendo yangayi sindinafikeko.”

Sakhwi ankatsatira m'mbuyo, akuzula zikhomo zimene zadutsidwa. Sanaseke. Analibe mphamvu zosekera. Ankangoyang'ana kuphiri, kumene mitambo inayamba kuunjikana, ndipo maondo ake ankamuuza kuti mvula ili pafupi. Mtima wake unali pa chinthu chimodzi: mzere ukatha mvula isanagwe, kholowa akhala adakali m'dimba, ndipo Nguluwe wanjala ya masiku awiri sadzasiya ngakhale muzu.

Tsiku lachitatu Nguluwe analowa m'munda wa Nungu. Mphuno inali itatupa ngati dzungu. Fuku. Kupuma. Fuku. Kupuma. Zikhomo zinatsala makumi awiri. Zinatsala khumi. Kumwamba kunali bii, koma dontho osagwa.

Sakhwi anayang'ana mtolo wa zikhomo zimene anazula. Anapuma mozama, nausenza, nadzera kuseri kwa chulu, nasunthira lichero kutali, nayamba kukhomanso kutsogolo. Kho, kho, kho.

“Ndikumva kukhoma,” anatero Nguluwe, mutu uli pansi.

“Ndi gogomole, bambo, ali mumtengo,” anayankha Fulu.

Zikhomo zatsopanozo zinamutengera ku tsala la Nkhanga, limene linali lisanalimidwe zaka ziwiri. Nkhanga zinasiya kuseka, zinayamba kumuchotsera miyala kutsogolo.

Ali pakati pa tsalalo, kunagunda. Mphepo inaomba, fungo la dothi linakwera, ndipo mvula inagwa, waaa. Sakhwi sanadikire. Iye, Nungu, Nkhanga ndi Fulu yemwe anathamangira kudimba, aliyense monga mwa miyendo yake. Anadula kholowa yense, nakumba timbatata timene tinali pansi, nagawana. Kenako anayamba kubzala pamzere uja, kuyambira pamene panali chikhomo choyamba. Tsomeka, tsomeka, tsomeka. Nguluwe akuunda kutsogolo, iwo akubzala kumbuyo.

Mvula itakata, Nguluwe anagunda chikhomo chotsiriza ndi mphuno, nagwa pansi, thapsa. Pamenepo panali lichero, lovundikira ndi tsamba la nthochi. Analivundukula. Munali kambatata kamodzi, konga chala cha mwana.

“Ichi n'chiyani, Mayi Sakhwi?”

“Kulawa, bambo. Zaka zonsezi munkadzitengera nokha, chifukwa munkatipeza tilibe khasu. Lero mwatsata mwambo, ndiye ndakupatsani ndi dzanja langa. Dzanja langa ndi ili.” Anatambasula kadzanja kake kotupa.

Nguluwe anadzikoka mpaka kudimba. Munali matope okhaokha. Anatembenuka, naona chigwa chonse chili mizere, ndipo pamwamba pake timitengo ta kholowa tangoti tsomeke, topanda mbatata, topanda choti n'kutafuna. Akanatha kufukula, koma mphuno ikangokhudza dothi misozi inkatuluka yokha.

Apongozi anadzuka pansi pa mbawa, nasasa fumbi. Nkhope yawo inali yowala.

“Bambo Fulu, ndaona ndi maso anga. Sindinkadziwa kuti ndili ndi mkamwini wotere. Mumuuze kuti munda wanga uja wa kudambo, umene wakhala zaka zisanu, ayambe mkuja. Mayi Sakhwi, mundibwereke zikhomozo.”

“Tengani zonse, amayi,” anatero Sakhwi. “Sizibwezedwa.”

Nguluwe anatenga kambatata kake, nakatafuna pang'onopang'ono, natsatira apongozi ake patali monga mwa ulemu.

Nkhanga zinafuna kuvina, koma Sakhwi anangogwedeza mutu. Anatenga chigoba chake cha nkhono, nachivundikira pansi pa msuku, popeza kuthirira kunali kutatha. Kenako analowa m'kanjira kake, napinda maondo, nagona masiku awiri. Chaka chimenecho sanakwere phiri. Achibale a mwamuna wake ndiwo anatsika kudzapempha mbewu.

N'chifukwa chake mpaka lero mphuno ya nguluwe ili yophwatalala kutsogolo, ndipo iye safika pamunda eni ake akuona. Amayamba wasuzumira kaye ngati makasu onse alowa m'nyumba.

Tsono inu amene mumakonda kuyendera anzanu nthawi ya chakudya yokha, muziyang'ana bwino chimene chili m'manja mwa mwini khomo. Ndipo mukapita kukadya kwa eni, apongozi muziwasiya kunyumba.

Nthano yanga yafika pachikhomo chotsiriza. Wina aphule mbatata ija paphulusa isanapserere, ndipo wofuna kulawa ayambe wasonkhezera moto.