Laisensi ya a Fanwell

Pasukulu ina ya ku Zemba, ahedi ake, Mayi Lonia, anali pafupi kupuma pantchito, ndipo ankafunitsitsa kuti mpando awasiyire achiwiri awo, a Fanwell Mbewe. Bambowa ankaphunzitsa masamu ngati akusenda nthochi, koma makutu awo anali a mwala.

Bungwe loyang'anira ntchito ya uphunzitsi m'dziko linkafuna kuti mphunzitsi aliyense azikonzetsa laisensi yake ikatha ndiponso azichita maphunziro owonjezera. Zowerenga zinkabwera pafoni kuchokera ku Lusaka. Aphunzitsi ena ankakwera pachulu kuseri kwa bwalo la mpira kusaka netiweki, n'kumakambirana zimene apeza Lachisanu ana akaweruka. A Fanwell ankangokwera njinga, ulendo kumunda wa thonje.

"A Mbewe, khalani nafe lero," Mayi Lonia ankawachonderera. "Silabasi yasintha, komanso laisensi yanu ija inatha."

"Amayi, ine ndinayamba kugwira choko ana a ku Lusakawo asanamere mano. Andiphunzitse chiyani? Laisensi n'ya madalaivala."

Mayi Lonia anayesa zonse. Atawabwereka foni, inabwerera osatsegulidwa. Atawalembetsa maphunziro kuboma, iwo anakathera kumsika kugulitsa nsawa. Anakadandaula kwa akazi awo, a Edina, potuluka m'tchalitchi, koma a Edina anangoti, "Mukawatha mudzandiuze mankhwala ake. Ine ndinagonja kalekale."

Tsiku linafika loti akuluakulu a maphunziro adzaone woyenera mpandowo. Mayi Lonia anali atawayamikira a Fanwell kwa alendowo mpaka kuuma kukhosi. Alendo anakhala kumbuyo kwa kalasi. A Fanwell anaphunzitsa mwamphamvu, thukuta lili kamukamu, mutu umene unachotsedwa kale m'giredi imeneyo. Ana anausakasaka m'mabuku atsopano osaupeza, n'kuyamba kunong'onezana. Mayi Lonia anangozyolika, mano ali gwa!

Mu ofesi, mkulu wa alendowo anapempha kuona laisensi. A Fanwell anatulutsa yakale ija.

"Bambo, ndi iyi uhedi muuiwale. Ngakhale choko simuyenera kugwira mpaka mutakonzetsa."

Mpando unapita kwa mphunzitsi wochokera ku Katete, pamodzi ndi nyumba ya ahedi, imene a Edina anali atayamba kale kuisokera makatani.

M'mawa mwake a Fanwell anagogoda pakhomo pa Mayi Lonia, chipewa chili m'manja.

"Amayi, kodi maphunziro aja amalembetsa bwanji?"

Mayi Lonia anapukusa mutu.

"Lero ndiye mwadziwa khomo langa? Khalani pansi, a Mbewe. Funso limeneli mukanafunsa ndikukuchondererani muja, bwenzi pano tikuimba nthungululu."

Anthu akale sananame ayi: nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi.