Chifukwa Chake Chinangwa Chimabisala Pansi

Kalekale, ana inu, chinangwa sichinkakumbidwa ayi. Chinkalendewera m'nthambi ngati mapapaya, chotsekemera, mwana n'kumangothyola akudutsa. Chinabwera kuno ndi amalonda ochokera kunyanja yamchere, makolo athu n'kuchigula ndi makasu.

Kenako kunagwa nkhondo. Anthu a zishango anatsika m'mapiri, natentha midzi, naika lamulo lawo latsopano: nyumba iliyonse izipereka chinangwa, ndipo yopereka chochepa ipereke mwana. Anawo ankawagulitsa kwa amalonda omwe aja, kusinthanitsa ndi nsalu ndi wonga wa mfuti. Munthu kumusinthanitsa ndi nsalu! Ine mpaka lero ndikaganiza mtima umandiwawa.

Tsiku lina mtsogoleri wawo, Chiswamphika, anafika pakhomo pa mayi wina wamasiye dzina lake Nachanza, nasuzumira m'dengu mwake, napeza kachinangwa kochepa.

"Kameneka ndiye kachiyani? Tikabweranso mawa, mwana wakoyu tipita naye."

Mwanayo anali Mwatitha, mmodzi yekhayo amene anamutsalira.

Nachanza sanagwade. Analunjika kumunda, nayamba kukalipira chinangwa.

"Iwe ndiwe ukutiitanira afisiwa! Kudzionetsera m'mwambamo kuti aliyense akuone. Mwana wanga apite chifukwa cha iwe?"

"Mayi," chinayankha chinangwa, "njira imene apite mwana wanuyo ndikuidziwa. Inenso anandidula, kundimanga mtolo, n'kundisenzetsa kapolo mpaka kuno. Ndingathe kulowa pansi, ndimwe ukali wanuwo. Koma dziwani, ululu susankha pakamwa. Nanunso simudzandidya osayamba mwandisenda, kundiviika m'madzi ndi kundiyanika. Kutsekemera kuja ndiye kwatha, mpaka zidzukulu zanu."

Nachanza analavula malovu pansi.

"Lowa! Ntchito siipha munthu. Bola manja anga asupuke ndi madzi, koma Mwatitha agone pakhomo pano."

Pomwepo chinangwa cha m'minda yonse chinalowa m'nthaka, m'mwamba n'kutsala masamba okhaokha. Nachanza anayenda nyumba ndi nyumba kuchenjeza anzake kuti wina asayerekeze kulawa.

M'mawa mwake Chiswamphika anatulukira ndi anyamata ake, njala itawapweteka. Anapeza nthambi zopanda kanthu.

"Mwabisa kuti?" anakuwa, atagwira Mwatitha pamkono.

"Si muli ndi mikondo?" anatero Nachanza, osaphethira. "Kumbani."

Anakumbadi, natulutsa mizu yonenepa ngati mwendo wa munthu. Wolanda alibe nthawi yodikira. Anayamba kutafuna pomwepo, chachiwisi. Kuwawa anakumva ndithu, koma ndani akanalavula pamaso pa mkazi wamasiye? Anameza.

Dzuwa lisanapendeke mitu inayamba kuzungulira, mawondo kulobodoka, amuna oopsa aja n'kumasanza ngati makanda. Mwatitha anathawira kumsana kwa mayi ake. Amayi a m'mudzimo anatola zishango zonse n'kusonkhezera moto. Amene anatha kukwawa anabwerera kumapiri kwawo, akulumbira kuti dziko lino ngakhale nthaka imaluma. Sanabwerenso.

Ndi chifukwa chake lero chinangwa chimabisala pansi, ndipo chowawa chija chimagwetsa wadyera koma chimadyetsa wochiviika. Tsono inu mumatseka mphuno amayi anu akamachivuula kudambo, ati chikununkha. Chotsani manjawo! Fungo limenelo ndi limene linasunga Mwatitha pakhomo pa mayi ake.