Dengu la Kuseri kwa Chitseko

Kuseri kwa chitseko cha nyumba ya mayi Anesi, kwa Changata kuja kumene minda ya nthochi imathera pomwe payambira tiyi wa esiteti, kunkapachikidwa dengu. Linali dengu lothyolera tiyi, lija lalitali loberekera kumsana, koma ukalamba unali utalizunza. Nsungwi zake zinali bii ngati zokhalira pa utsi, pansi pake posokedwa ndi waya, m'mbali muli mphira wa tayala la njinga, ndipo mbali imodzi linali lopindika motsata msana wa mwini wake. Analiluka amuna awo, malemu a Winston, ndipo mayi Anesi analibereka zaka makumi awiri ndi zitatu mpaka tsiku limene anapuma pantchito.

Mwana wawo Victoria, mphunzitsi pasukulu ina ya pulayimale ku Makwasa, ankadana nalo dengulo. Tisamunamizire, amayi ake ankawasamala. Malata a nyumbayo anagula ndi iye, ndipo shuga ndi sopo sizinkasowa. Koma anali pachibwenzi ndi Chancellor, mnyamata wa banja la pamishoni, anthu a Sabata ophunzira kuyambira agogo awo, amene ngakhale tiyi weniweniyo samulawa. Tsiku lina mayi ake a Chancellor, mayi Phyllis, amene anapuma pa uphunzitsi, anamufunsa kuti amayi ake ankagwira ntchito yanji. Victoria anangoti, "Ankagwira ku esiteti," n'kusiya kuti aganize za ofesi. Bodza sananene, koma zoona anazidula mchira. Kuyambira pamenepo ankakhala ndi mantha kuti mchirawo udzamera tsiku lina pamaso pa anthu.

Nthawi ya tchuthi, Lachinayi lina kuli chiperoni, Victoria anatsika njinga yamoto pakhomo pa amayi ake n'kupeza anthu atazungulira pabwalo, ena akuseka chogwira nthiti. Pakati pawo panagona chagada mtsikana wovala buluku, mutu ndi manja zili m'kati mwa dengu lija, ngati nkhuku yovindikiridwa.

"Amayi, kodi mlendoyu wadwala?"

"Akujambula," anayankha mayi Anesi, chimwemwe chili m'maso. "Ndi Teleza uyu, mwana wa a Ben a kumalayini a esiteti aja. Akuti dengu langali ndi lokongola. Ine zaka zonsezi ndimayesa ndi dengu basi."

Mbiri ya Teleza inali itafika kale ku Makwasa. Kwathu kuno kujambulitsa timakudziwa bwino: umasamba, umadzola, umabwereka jekete, n'kukaima pafupi ndi maluwa kapena galimoto ya eni ake. Koma mtsikanayu, chibwerere ku Blantyre kumene anaphunzira za zithunzi, ankasiya anthu atatchena n'kumakajambula sefa ya tiyi, mpini wa khasu, ngakhale gamubutu yong'ambika. Ankaziyandikira kwambiri moti mwini khasu sakanazindikira mpini wake. Ena ankati sukulu yamuzunguza mutu, koma omwewo ndi amene ankatsogola kukasuzumira pakamera.

Teleza anavundukula dengulo, nadzuka akusasa fumbi. "Aphunzitsi, muli bwanji? Pepani ndakulandirani chogona. Ndikufuna anthu alione ngati sanalionepo. Chinthu ukachizolowera maso amangochidumpha, ndiye ine ndalowa m'kati kuti ndione mmene kuwala kumadutsira m'mipatamu. Kungoti lero dzuwa landimana, chatuluka chimodzi chokha. Ndibweranso Sande m'mawa. Taonani kaye ichi."

"Zikomo, sindikufuna," anatero Victoria, manja ali pachifuwa. "Mukapita nazo kuti?"

"Mwezi wamawa tidzazikhoma mu shedi yakale ya pa esiteti, aliyense adzaone. Tiitana a ku Blantyre, a ku Makwasa konse. Pansi pa chimenechi ndilemba dzina la amayiwa."

Mayi Phyllis sankaphonya chochitika chilichonse chimene chalengezedwa pa pepala. "Dzina lokhalo musalembe," anatero Victoria mouma.

Anthu atabalalika, anawatsata amayi ake kukhitchini. "Amayi, simukuona kuti akukusekani? Anthu a m'tauni amakonda kukhoma umphawi wa anzawo pakhoma kuti aziuyang'ana akumwa zoziziritsa kukhosi. Ngati n'kujambula, akujambuleni inuyo mutavala bwino."

"Umphawi uti, mwanangu? Lija ndi dengu," anatero mayi Anesi, akusenda kalongonda osatukula mutu. "Lisiye. Silikudya kanthu kuseri kwa chitseko kuja."

Mawu a Victoria sanali opusa onse, pakuti alipodi anthu otero. Cholakwa chake chinali chakuti sanafunse, sanasuzumire, ndipo chimene chinkamupweteka sichinali ulemu wa amayi ake koma wake. Lachisanu mayi Anesi atapita kumaliro kwa Kapichi, iye anapachula dengulo, nakaliponya m'dzenje la zinyalala, naunjikapo masamba ouma a nthochi, n'kuyatsa. Nsungwi zakale sizichedwa. Zinangothetheka pang'ono, mphira uja n'kutulutsa utsi wakuda wonunkha, basi zatha. Kenako anapita kumsika n'kugula dengu latsopano loyera mbee, chitenje cha maluwa ndi duku yake. Pobwerera ankadziona ngati mwana wabwino kwambiri m'boma lonse la Thyolo.

Mayi Anesi anafika dzuwa litapendeka. Atakankha chitseko, anaima.

"Langa lili kuti?"

"Ndakugulirani latsopano, amayi. Lija linatha ntchito."

"Ndafunsa kuti lili kuti."

Fungo la mphira ndilo linamuyankhira Victoria. Mayi Anesi anapita kudzenje kuja, natola kamtengo, n'kuyamba kufukula phulusa pang'onopang'ono. Anapeza timawaya titatu topindikapindika, poti waya sapsa. Anatipukuta, natimanga pansonga pa chitenje chawo. Sanakalipe, sanalire. Akanakalipa bwenzi zili bwino, chifukwa Victoria anali atakonzekera mayankho ambiri, ndipo onse anamuwolera m'kamwa.

Lamulungu dzuwa linatuluka bwino lomwe, Teleza nafika ndi kamera yake. Anapeza mpando uli pafupi ndi maluwa, mayi Anesi atakhalapo ndi chitenje chatsopano, dengu loyera lili pambali. Analinyamula, nalitembenuza, nalinunkhiza, n'kulibwezera pansi.

"Ili ndi la kumsika," anatero motsitsa mawu. "Silinadziwe msana wa munthu, ndiye lilibe chonena."

Mwaulemu anawajambulabe mayiwo pampando paja, nkhope ili gwa ngati chithunzi cha pa chiphaso, n'kutsanzika. Victoria anabwerera ku Makwasa akuti nkhani yatha.

Patapita mwezi, mayi Phyllis anamupeza pakhomo. "Mwanangu Victoria, tiye undiperekeze kushedi kuja. Akuti kuli zithunzi zoti ukaziyang'ana sudziwa kumutu ndi kumiyendo. Ine ndikufuna ndikadzionere ndekha." Victoria anavomera ndi mtima woyera, podziwa kuti phulusa silijambulika. Chithunzi chimodzi chija cha tsiku la chiperoni anali atachiiwala.

M'shedimo munadzaza. Munali a magalimoto ochokera ku Blantyre, akapitawo, anamwino, ndi amayi othyola tiyi amene analowa mwamanyazi koma posakhalitsa ndiwo anayamba kutsogolera zokambirana. Anthu ankapendeketsa mitu, kubwerera m'mbuyo, kuyandikiranso. Sefa ya tiyi inkaoneka ngati mwezi. Mpini wa khasu wina anaulumbirira kuti ndi phiri la Mulanje.

Koma khamu lalikulu linali kumapeto, pa chithunzi chachikulu ngati zitseko ziwiri. Chinali cha mizere yakuda yopingasana, ndipo m'mipata yake munkadontha kuwala kofewa, timadontho mazanamazana. Cha pakati pankadutsa mzere wabuluu wokhotakhota. Pansi pake panangolembedwa kuti, "Zaka makumi awiri ndi zitatu."

"Uwu ndi mzinda, wajambulidwa ali m'ndege," anatero bambo wina wa magalasi.

"Ayi bwana, iyi ndi minda ya tiyi, tinjira take ndi iti," anatsutsa kapitawo wina.

"Ine ndikuona ngati windo la tchalitchi," anatero mayi Phyllis. "Iwe ukuona chiyani, Victoria?"

Victoria sanadziwe. Anangoona kuti mapazi ake akukana kuchoka. Chithunzicho chinamukoka, makamaka mzere wabuluu uja, ndipo mumtima anavomera kuti chiyambire sanaonepo chinthu chokongola chotero.

"Tandipatsani njira, ndilione."

Mawuwo Victoria anawadziwa asanatembenuke. Anali mayi Anesi, atavala chitenje chawo chakale, atabwera wapansi ndi anzawo a kuntchito. Anaima patsogolo pa chithunzicho, nachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka pang'ono.

"Si ndege iyi, bambo. Ndi dengu langa, m'kati mwake." Anatukula chala. "Waya uyu ndi wa chaka chimene anamwalira a Winston. Woliluka anali atapita, ndiye ndinasoka ndekha, n'chifukwa chake ndi wokhota. Mphira uwu ndi wa chaka cha njala, ndinaterereka nalo pamtsetse litadzaza, likupita kusikelo."

Bambo wa magalasi uja anavula magalasi ake.

"Nanga mtsinje wabuluuwu, mayi?" anafunsa mayi Phyllis.

"Si mtsinje. Ndi yunifolomu ya mwana wanga. Atasankhidwa kupita kusekondale, ya kupulayimale ndinaing'amba n'kuilukira apa pomwe pamalowa lamba. Mapewa akayamba kuyaka cha m'ma leveni, ndinkapisa dzanja kumbuyo n'kukhudza kansaluko, kuti ndikumbuke chimene ndikuthyolera."

Atatero anachita chinthu chimene palibe anachiyembekezera. Anachifulatira chithunzicho, nabwerera m'mbuyo mpaka msana unachikhudza. Wina anafuna kuwaletsa, koma Teleza anamugwira mkono.

"Ine sindinkaliona kumaso," anatero mayi Anesi. "Ndinkalidziwa ndi msana." Anakhala choncho kanthawi, n'kupukusa mutu. "Mwajambula bwino, mwanangu Teleza. Kungoti ili ndi lozizira."

Mayi Phyllis anapukuta m'maso ndi kampango. "Mwana wanuyo ndi wodala. Ali kuti masiku ano?"

Apo m'pamene mayi Anesi anamuona Victoria, ali chiimire pambali pa mayi Phyllis ndi suti yake ya kutchalitchi. Anayang'ana mwana wawo, nayang'ana mayi wolemekezekayo, ndipo zonse anazimvetsa nthawi yomweyo, pakuti mayi sachita kuuzidwa.

"Ali kuntchito," anatero mofatsa. "Kutali ndithu."

Mawu amenewo anamulasa Victoria kuposa mbama. Iye anawotcha dengu kuti abise amayi ake, ndipo amayi akewo tsopano ankamuthandiza kubisako, pamaso pa anthu, kuti mwana wawo asachite manyazi. Manyazi amene ankawathawa aja anali aang'ono poyerekeza ndi amene anamugwira apa.

"Ndine," anatero Victoria. "Mwanayo ndine. Awa ndi amayi anga, mayi Anesi. Sankagwira mu ofesi. Ankathyola tiyi."

Mayi Phyllis anamuyang'ana modabwa, kenako anagwada pang'ono n'kupereka moni wa manja awiri kwa mayi Anesi. "Ndiye tikanadziwana kale, mayi. Ife tiyi sitimwa, koma thukuta la munthu timalilemekeza. Ndidzabwere kwanu ndidzalione dengulo ndi maso anga."

Mayi Anesi anatsegula pakamwa kuti amutchinjirizenso, koma Victoria anawatsogolera.

"Kulibe. Ndinaliwotcha ine."

"Unaliwotcha?" anatero mayi Phyllis. "Zoti amayi ako ankathyola tiyi sizikanandidabwitsa, Victoria. Ichi ndiye chandidabwitsa."

Mayi Anesi anamasula nsonga ya chitenje, natenga timawaya titatu tija, n'kutiika m'dzanja la mwana wawo, napinda zala zake. "Sunga iwe. Yunifolomu yako ndiye inapsa." Ndipo amayi awiriwo anatuluka limodzi akucheza ngati odziwana kale, wina akufunsa mmene amathyolera masamba awiri ndi kansonga, mnzake akumuonetsa ndi zala.

Victoria anatsala pachithunzi paja, timawaya tikumubaya m'manja. Anapempha cholembera kwa Teleza, nagwada, n'kulemba yekha pansi pa mawu aja dzina la amayi ake. Anthu amene ankawaopa analiwerenga, ndipo palibe anaseka. Koma kuseri kwa chitseko kwa Changata kukupachikikabe dengu loyera lija, lomwe mpaka lero silinanyamulepo kanthu, ndipo iye akapita kumeneko amalowa osayang'anako. Akuluakulu adanena kale, ndipo sanalakwe: mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.